Kukamuuza Fegasi za Kondwani

Ulendo wathu wa ku Joni unayamba ndi kakanema ka pa foni. Ananditumizira ndi mlongo wanga Yosefe, yemwe ndi mlonda pa holo ina ya zoimbaimba kumeneko. Pansi pake analemba kuti, "Asisi, tamverani mzungu uyu akuimba Chichewa. Mwezi wamawa akudzaimba kuntchito kwathu kuno."

Ine ndimaphunzitsa ku Nathenje, koma sukulu inali itatsekera ndipo ndinali kwathu ku Mitundu. Tinali pakhonde ndi amayi tikuswa mtedza. Nditatsegula kanemayo ndinaona mzungu wa imvi atakolekera gitala, wina pambali pake akukwecha vayolini, wina akumenya ng'oma ngati zamulakwira. Anaimba Chingelezi chakecho, ndipo atafika pa kolasi chikhamu chonse chinayamba kudumpha, matambula a mowa ali m'mwamba:

Kondwani, Kondwani,
kwada, kwada, bwera!

Ine ndinaseka katchulidwe kake. Amayi sanaseke. Manja awo anangoima m'lichero.

"Tabwereza," anatero.

Ndinabwereza. Anatenga foniyo n'kuiyandikiza kumaso.

"Uyu ndi Fegasi. Wakalamba."

Ndinkadziwa kuti ine ndisanabadwe kunali mwana wamwamuna amene anamwalira akadali wamng'ono, koma dzina lake ndinali ndisanalimvepo. Ndinalimva tsiku limenelo pakhondepo. Anali Kondwani. Chikuku chinamutenga m'dzinja, atangoyamba kulankhula bwino. Akuluakulu anawauza amayi kuti asalire kwambiri, angaleke kubereka, ndiye iwo ankalirira pamtondo. Madzulo akamasinja, nthawi imene ana amaitanidwa kuti alowe m'nyumba, ankaimba akuitana wawo.

Nthawi imeneyo malemu bambo ankaphunzitsa pa sukulu ina ya cha ku Dzalanyama. Patapita miyezi ingapo chichitikire maliro, m'nyumba yoyandikana ndi yathu munalowa mnyamata wa ku Sikotilandi amene anabwera kudzathandiza kuphunzitsa. Ameneyo ndiye Fegasi. Ankakonda kukhala pakhonde pake ndi gitala amayi akamasinja.

Kumapeto kwa kanemayo Fegasi analankhula ndi khamulo, ndipo amayi anati ndiwamasulire. Ndinazengereza, koma ndinamasulira. Ankati nyimboyo anaimva kwa mayi wina wansangala ku Malawi, ndipo mawu akewo akutanthauza kuti sangalalani nonse, kunja kwada, bwerani tivine.

Amayi anapitiriza kuswa mtedza. M'mawa mwake ndinapeza atatulutsa pasipoti yawo, imene anapangitsa pomwe amayi a kutchalitchi ankapita ku Chipata.

"Ndikukamuuza," anatero.

"Amayi, zimenezi tikhoza kungomulembera pa intaneti."

"Amawerenga ndi iyeyo zimenezo? Ndikufuna andione kumaso, andimve ndi makutu ake."

Amalume anabwera kudzawaletsa. Anatchula za kuthamanga kwa magazi, za miyendo yawo yotupatupa, za kutalika kwa njira. Amayi anawamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, anawaperekeza, pobwerera n'kudzera kwa munthu wogula nkhumba. Nkhumba itapita ndinadziwa kuti zokambirana zatha. Ndinayamba kulongedza.

Tinachoka ku Mitundu pa minibasi, kutsika pamphambano ya ku Bunda, n'kukwera ina yotifikitsa kwanga ku Nathenje. Mabasi a ku Joni amadutsa pakhomo panga penipeni, ndipo kondakitala anandiuza pa foni kuti tikhale pamsewu kukangocha. Kunacha tili pamsewu. Ogulitsa mandasi anabwera, anagulitsa, anapita. Akabaza anatizolowera mpaka anasiya kutiitanira. Basi inatulukira dzuwa lili pamutu, itakoka ngolo yodzaza matumba, ndipo kondakitala yemweyo anatikalipira kuti tikumuchedwetsa.

Kutsidya kwa kanjira ka m'basimo kunakhala mayi wina wageni, a Nachisale, amene amakagulitsa usipa, mpunga ndi nandolo kwa Amalawi a ku Joni. Msewuwo ankaudziwa ngati njira ya kumunda kwawo. Tisanafike pa Diamphwe anali atadziwa kale ntchito yanga, ana anga ndi kumene ndinakwatiwa.

"Nanga agogo, ku Joniko mukukaona ana?"

"Ndikukaona mzungu," anayankha amayi, n'kutembenukira kuwindo.

Pachipata cha Dedza kunali kamphepo kolowa m'mafupa. Tinatsika tonse, kufola, kudinditsa mapasipoti, kuwoloka wapansi kupita ku Calomue, kutsidya kwa malire, kufolanso. Katundu wa m'ngolo anatsitsidwa yense kuti aonedwe, ndipo pomupakiranso chingwe chimodzi chinasowa. Amuna anakangana za chingwecho mpaka dzuwa linapendeka. Amayi anakhala pamwala, chikwama chili pamiyendo, osadandaula n'kamodzi komwe. Apa m'pamene ndinazindikira kuti chichokereni ku Nathenje sanamwe madzi. Ankaopa kuvutitsa dalaivala kuti aime panjira.

"Agogo, mukapanda kumwa, ku Tete mukauma," anatero a Nachisale akuwagwiritsa botolo. "Mukafuna kutsika muuze ine. Dalaivala ameneyu amandiopa."

Tinagona m'mipando momwemo titatsala pang'ono kulowa mu Tete, ndipo m'mawa tinawoloka Zambezi. Amayi anasuzumira pamlatho nthawi yaitali.

"Madzi onsewa, dimba osaliona," anatero.

Titangopitirira Changara kunamveka phokoso kumbuyo, kenako fungo la labala wopsa. Basi inayenda pang'ono n'kuima yokha pakati pa tchire la milambe. Dalaivala anatsegula ku injini, anayang'anamo nthawi yaitali, n'kulengeza kuti lamba waduka ndipo paipi ya madzi yaphulika. Anati makaniko akuchokera ku Tete ndipo afika posachedwa.

Kutentha kwa kumeneko n'kwina. Milambe inalibe tsamba n'limodzi lomwe. Achinyamata anakwawira kunsi kwa basi, ife tinayala chitenje kumbali kumene kunali mthunzi, n'kumasuntha nawo ukamasuntha. Usipa wa a Nachisale unayamba kumveka tchire lonse. Makaniko anafikadi pa njinga yamoto, koma lamba amene anabweretsa anali wamfupi. Anamuyeza, anamukoka, anatukwana m'Chipwitikizi, n'kubwerera ku Tete.

"Tandiuza," anatero amayi, "moyo wake wayenda bwanji munthuyu chichokereni kwathu?"

Ndinali nditasunga m'foni nkhani zingapo zonena za Fegasi, ndiye ndinayamba kuwerenga ndikumasulira. Anabadwira m'katauni ka asodzi m'mbali mwa nyanja yozizira, ndipo bambo ake ankawotcherera zitsulo za sitima zapamadzi. Atachoka ku Malawi anayamba kuimba m'mabala ndi m'misewu, chipewa chili pansi. Kenako anapeza anzake n'kuyambitsa bandi yosakaniza nyimbo za makolo awo ndi magitala amagetsi. Chimbale choyamba sichinayende. Pa chachiwiri m'pamene panali Kondwani, ndipo nyimbo imeneyo ndi imene inamulowetsa pa wailesi n'kumuyendetsa maiko.

"Fegasi yemweyu? Ankathawa tambala wathu ameneyu," anatero amayi. "Popita kusukulu ankachita kuzungulira kuseri kwa nkhokwe."

Anthu anaseka, ena n'kusendera pafupi. Ndinapitiriza. Kutchuka kunabwera ndi mowa. Bandi inapasuka, mkazi anachoka ndi mwana. Anakhala zaka zambiri osagwira gitala, akukonza maboti pachilumba china. Atasiya mowa anabwereranso ndi nyimbo zofatsa, zonena za asodzi ndi za bambo ake, koma kulikonse kumene ankapita anthu ankangofuula Kondwani, ndipo iye ankatsekera nayo. Tsopano dzanja lake layamba kunjenjemera, ndipo ulendo uno ndi wotsanzika. Akachoka ku Joni akupita kwawo, sadzaimbanso pagulu.

"Ndiye ku Joniko akuimba mkuja basi," anatero amayi.

"Mkuja madzulo."

A Nachisale sakanatha kupirira. Anafunsa chimene chikuwatengera agogo kwa mzungu woimba, ndipo amayi anawafotokozera mwachidule, osakweza mawu. Bambo wina wa jekete lachikopa, amene sanalivule ngakhale kunkatentha choncho, anamva zonse.

"Gogo, pamenepo pali ndalama," anatero. "Nyimboyo ndi yanu. Mukamugwire ameneyo."

"Mwana wanga sindikukamugulitsa, achimwene."



Dzuwa litapendeka amayi anadzuka kuti apite kutchire. Sanapite patali. Miyendo inakana, ndipo akanagwa chamutu a Nachisale akanapanda kuwawakha. Tinawagoneka pachitenje. Mapazi anali atatupa mpaka nsapato zinavuta kuvula, maso atafiira, ndipo ankati mutu ukuwamenya ngati ng'oma. Ndinawamwetsa mapiritsi awo, n'kunyowetsa mpango kuwaika pachipumi.  Chipatala sindinkadziwa kumene chili, chinenero cha kumeneko sindichidziwa, ndipo foni inalibe netiweki.

Nthawi yomweyo basi ina yochokera ku Joni inaima kutsidya kwa msewu kuti igawire dalaivala wathu madzi. Ndinathamanga kukalankhula ndi kondakitala wake. Anati mipando iwiri ilipo, ndipo m'mawa tikhala tili ku Dedza.

Ndinabwerera n'kugwada pambali pa amayi.

"Amayi, tiyeni tibwerere. Tikafikire kuchipatala ku Nkhoma. Mukandithera m'tchire muno ndikawauza chiyani amalume?"

"Ukawauza kuti ndinali panjira."

"Mwanayo anapita kalekale, amayi. Ulendowu sumubweza."

Anachotsa mpango pachipumi n'kundiyang'ana.

"Ndikudziwa kumene ali. Koma bambo ako anapita, agogo ako anapita, azamba amene anamulandira anapita. Wodziwa kuti Kondwani anali munthu ndatsala ndekha. Ndikafa osanena, dzina lake likhala lomwera mowa mpaka kalekale. Iwe ngati watopa, kwera."

Basi ija inaliza hutala. Kondakitala anandikodola, ine ndinapukusa mutu, ndipo inanyamuka. Ndinaiyang'ana mpaka inazimiririka.

"Aphunzitsi, khalani pansi," anatero a Nachisale. "Awa afika. Ndayenda ndi anthu ambiri pamsewu uno, obwerera ndimawadziwa."

Makaniko anabweranso m'mawa ndi lamba woyenera. Amayi anadzuka okha, anasukusula, anamwa tiyi wa m'fulasiki ya a Nachisale, n'kukwera basi atavala patapata zanga chifukwa nsapato zawo zinali zitakana. Pachipata cha Cuchamano ndi cha Nyamapanda, polowera ku Zimbabwe, tinafolanso. Za Zimbabwe ndikukumbukira miyala ikuluikulu yosanjikizana ya ku Mutoko ndi magetsi a mu Harare basi, chifukwa maso anga anali pa chifuwa cha amayi, kuona ngati akupuma bwino.

Pachipata cha Beitbridge tinafika kukucha, tsiku la zoimbaimba lomwelo. Mabasi anali ndandanda, ndipo mzere wa anthu unatuluka m'nyumba yodindira mapasipoti, kuzungulira mpanda, mpaka kumene sitinkaona. Amayi sakanatha kuima. Bambo wa jekete lachikopa uja anasowa pang'ono n'kubwera ndi ndowa yopanda kanthu. Anaivundikira pansi, amayi n'kukhalapo. Mzere ukasuntha, iye ankawadzutsa, kunyamula ndowa, kuiika patsogolo, kuwakhazikanso. Anachita zimenezi dzuwa likukwera mpaka wantchito wina wa pachipatapo anawaona n'kuwaitanira kutsogolo pamodzi ndi ine. Koma kudinditsa ife tokha sikunathandize, poti basi sichoka wina akadali pamzere. Tinakhala pamthunzi wa ngolo tikudikira anzathu mmodzimmodzi, ine ndikungoyang'ana dzuwa.

Pofika apa basi yonse inali itadziwa nkhani yathu. Titadutsa Musina dalaivala anafuna kuima pamalo pamene amadyera masiku onse, koma anthu anakuwa.

"Adalaivala, agogo akuchedwa! Tikadya ku Joni!"

Anang'ung'udza, anaima pongomwetsa mafuta ndi kuti anthu adzithandize, n'kuponda moto.

Tinalowa mu Joni dzuwa litapendeka. Yosefe ankatidikira pa depoti atavala kale yunifolomu. Ataona mapazi a amayi anandiyang'ana ine ngati ndawamenya.

"Tipite kunyumba mukasambe, mupume kaye," anatero.

"Ndikapuma ndikamaliza," anatero amayi.

A Nachisale anawapatsira usipa m'kapepala, bambo wa jekete anawagwira chanza ndi manja awiri, ndipo tinakwera takisi ndi fumbi lathu la ku Changara.

Yosefe anatilowetsa pageti la kumbuyo kwa holoyo. Pakhomo tinakumana ndi mayi wachizungu woyendetsa ulendo wa Fegasi. Yosefe anafotokoza, ine ndinafotokozanso, mayiyo anamvetsera mwaulemu koma anati woimbayo saonana ndi munthu asanaimbe, ndipo akamaliza amakhala atatopa kwambiri. Anati tisiye uthenga. Yosefe anagwetsa nkhope. Ntchito yake inali pomwepo, sakanatha kukakamira.

Chitseko chinali chotsegula pang'ono, ndipo m'katimo munkamveka gitala, munthu akuyesa zingwe. Amayi sanamve Chingelezi chonsecho, koma nkhope ya mayiyo anaimva. Anandisiya dzanja, anasendera pachitseko, n'kukweza mawu monga amachitira pakhomo pa mnzawo kumudzi.

"Odi! Odi kuno, a Fegasi!"

Gitala inasiya.  Kenako m'katimo munamveka mawu okalamba, okayikira, ngati munthu akufufuza chinthu pansi pa thumba.

"Lowani?"

Tinalowa. Holoyo inali yopanda anthu, mipando yokhayokha. Pansanja panaima munthu wamtali wowonda, ataphimba maso ndi dzanja kuti atione bwino.

"Ndine Nabanda," anatero amayi, "mkazi wa aphunzitsi a Kachepa."

Anatsika pansanjapo mofulumira mpaka anatsala pang'ono kugwa. Anawagwira chanza atagwira chigongono, n'kunena kuti, "Muli bwanji, amayi?" Chichewa chake chinathera pomwepo. Zotsalazo anandiuza ine m'Chingelezi, akuseka, maso ali ndi misozi: kuti mayi awa ndi amene anamupatsa zonse zimene ali nazo, kuti wakhala akuwatchula kwa zaka zonsezi, kuti aitane anzake a bandi adzawaone.

Amayi anakweza dzanja.

"Uwauze akhale pansi."

Anakhala m'mphepete mwa nsanja. Amayi anakana mpando. Anaima ndi patapata zangazo n'kuimba nyimbo yawo pang'onopang'ono, ndi mzere wina umene Fegasi sanautole:

Kondwani, Kondwani,
kwada, kwada, bwera,
anzako onse alowa m'nyumba.

Atamaliza anati, "Uwauze kuti Kondwani ndi dzina."

Ndamasulirapo zinthu zambiri pamoyo wanga, kusukulu ndi kutchalitchi, koma sindinavutikepo ngati tsiku limenelo. Amayi ankanena chiganizo chimodzi n'kudikira. Za chikuku, za dzinja, za akuluakulu oletsa kulira, za mtondo. Ine ndinkapereka chiganizo chilichonse kwa munthuyo n'kumaona nkhope yake ikugwa. Dzanja lake lamanja linayamba kunjenjemera kwambiri, ndipo analigwira ndi linzake n'kulipanikiza pabondo.



"Ndinafunsa mwana wa sukulu tanthauzo la mawu amenewa," anatero Fegasi. "Anandiuza kuti ndi kusangalala. Inu munali pomwepo, kuseri kwa mpanda, ndipo sindinakufunseni." Anapukuta kumaso. "Uwauze kuti sindidzaiimbanso. Ngakhale lero."

Ndinamasulira. Amayi anapukusa mutu.

"Sindinabwere kudzakuletsani, a Fegasi. Ndabwera kuti mudziwe. Nyimboyi mwakhala nayo nthawi yaitali kuposa mmene ine ndinakhalira ndi mwanayo. Muona nokha chochita."

Kenako anapempha mpando ndi madzi akumwa.

Madzulo anatikhazika pambali pa nsanja, pamene tinkaona oimba ndi anthu omwe. Holo inadzaza. Fegasi anaimba nyimbo zake za asodzi, ndipo dzanja likamuvuta wa vayolini ankamuphimbira. Amayi anawodzera pang'ono pakati pake. Chakumapeto anthu anayamba kuponda pansi n'kumafuula dzina lija.

Fegasi anadikira mpaka atatopa. Kenako anawauza zonse, osadzichepetsera mlandu. Anati kwa zaka zonsezi wakhala akuwauza zabodza mosadziwa, kuti Kondwani anali mwana wamng'ono wa ku Mitundu, ndipo mayi ake abwera pa basi kuchokera ku Malawi kudzamuuza.  Anayamba yekha, gitala yokha, pang'onopang'ono monga anamvera kwa amayi, ndi mzere wachitatu womwe. Anthu anaimirira n'kumaimba nawo chapansipansi, matambula ali pansi. Sindinamvepo anthu ochuluka choncho akuitana mwana mmodzi.

Koma atafika pa kolasi yachiwiri, kumbuyo kwenikweni wina anayamba kuomba m'manja. Mwina sanamve bwino, mwina manja anangochita zimene anazolowera. Wina anamutsatira, kenako mzere wonse, kenako mapazi. Nyimbo inayamba kuthamanga yokha. Fegasi anatembenukira kwa ife nkhope itasokonekera, n'kukweza dzanja kuti awaletse. Ine mtima unandiwawa. Ulendo wonse uja, tchire la ku Changara, ndowa ya pa Beitbridge, anthu n'kumavinabe! Ndinadzuka osadziwa chimene ndikukachita.

Amayi anandikoka chitenje.

"Asiye."

"Amayi, akuvina!"

"Ndikuona. Nayenso anali choncho." Misozi inkatsika, koma ankaseka. "Akangomva ndayamba kusinja ankabwera akuthamanga, kabudula atamutaya uko, n'kumavina pafupi penipeni. Ndinkachita kumuthamangitsa ndi chipande kuti ndingamupweteke. Amvere ndani? Azungulira nyumba, uyu wabweranso."

Anamukodola Fegasi ndi dzanja kuti apitirize. Iye anawayang'ana kaye kuti atsimikize, kenako anagwedezera mutu kwa wa ng'oma.

Ndinakhala pansi n'kusendeza mpando wanga pafupi ndi wawo. Phokoso linali lalikulu, ndiye ndinachita kuika khutu pakamwa pawo.

"Ankafanana ndi ndani?" ndinafunsa.

"Ndi iwe," anatero amayi. "Makani omwewo."